Pabalaza Pakakwera Ngolo

Munthu akamakuuzani kuti kunyumba kwake kuli katundu wapamwamba, musamutsutse. Dikirani tsiku losamuka. Pabalaza pamaoneka bwino chifukwa chilichonse chili ndi pobisala: sofa yong'ambika kumbuyo yayedzamira khoma, tebulo la miyendo itatu latsamira njerwa, ndipo kansalu koluka kaphimba pamene mwana anaotcha ndi kandulo. Likafika tsiku loti zonsezi zituluke panja dzuwa likuswa mtengo, anthu oyandikana nawo nyumba amapeza chifukwa chosesera pabwalo kachiwiri. Kumapeto kwa mwezi kaimeni m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje, mudzaona masofa akudutsa miyendo ili m'mwamba ngati mbuzi zopita kumsika, eni ake akuyenda pambuyo nkhope zili kumbali ngati katunduyo si wawo.

*

Mfumu ya pabalaza ndi disipuleyi, kabati ya magalasi ija imene imasunga mbale zimene palibe anadyerapo. Aphunzitsi ena atawasamutsa kuchoka cha ku Mitundu kubwera mbali yathu ino, anachita mwanzeru poyamba. Anazula magalasi onse m'disipuleyi, mashelefu ndi zitseko zomwe, n'kuwakulunga m'bulangete. Cholakwika chinali chimodzi. Galasi limayenda choimirira, chopanikizidwa pakati pa matiresi awiri kapena pakati pa matiresi ndi khushoni, chifukwa likagona chafufumimba, bampu iliyonse imalimenya pamimba. Iwo analigoneka pansi pa ngolo, bulangete lili pamwamba, lofewa, lokopa.

Apongozi awo, amene anabwera kudzathandiza kusamuka ndi pakamwa, anayang'ana uku ndi uku pofuna pokhala. Anaona bulangete. Anakhala.

Ngolo inayenda bwino mpaka pamene njira yafumbi inatsikira m'kadambo. Tayala litagwera m'dzenje kunamveka phwaa!

“Iii, mwana wanga, imitsa ng'ombezi, tayala laphulika,” anatero apongozi.

Mnyamata wa ngolo anatsika, nazungulira, naponda tayala lililonse. “Agogo, matayala onse ali bwino. Chaphulikacho chili pansi panu.”

Disipuleyi ija ilipo mpaka lero, yopanda galasi. Aphunzitsiwo amauza alendo kuti ndi yamakono, mpweya umalowa bwino.

*

Amayi athu akale anali ndi njira yawo yonyamulira makapu, ndipo ine ndimaivulira chipewa. Amakwirira makapu ndi matambula m'thumba la chimanga, chimodzichimodzi, kuti zisagundane. Chimanga chimalowa m'kapu, chimazungulira kapu, ndipo ngakhale ngolo idumphe bwanji palibe chosweka. Njira imeneyi ili ndi lamulo limodzi lokha: uzani aliyense m'nyumba thumba limene mwaikamo.

Mayi ena a kwathu kuno anali ndi makapu asanu ndi imodzi a maluwa ofiira, mphatso ya paukwati. Zaka khumi ndi ziwiri makapuwa anakhala m'disipuleyi kudikira alendo olemekezeka. Abusa anabwera, anamwera m'kapu ya pulasitiki. Anyakwawa anabwera, chimodzimodzi. Sitikudziwa mlendo amene ankadikiridwayo, mwina Papa.

Posamuka anawakwirira m'thumba la chimanga. Atasamuka, m'mawa mwake ufa unali utatha. Mayiwo ali kumjigo, bambo anauza mnyamata kuti atenge thumba limodzi apite nalo kuchigayo. Mnyamata anatenga limene linali pafupi ndi chitseko.

Wachigayo pokhuthula chimanga anatola kapu yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu. Anaziika pambali mwaulemu n'kufunsa, “Aise, shuga wabwera naye, kapena tiyiyu timwa wopanda?” Yachisanu ndi chimodzi sanaione. Inaoneka ndi makina, amene anakhosomola ngati nkhalamba ya fodya wachingambwe. Ufa wonse unakatayidwa kudzenje.

Madzulo mayiwo akulira, amuna awo anawatonthoza motere: “Mayi, musadandaule kwambiri. Mwa makapu onsewa, imeneyo yokha ndiyo yakhudzako chakudya.” Bambowo anagona pa sofa masiku atatu.

*

Kukulunga zosweka ndi nyuzipepala n'kwabwino. Tambula iliyonse payokha, pepala lina lofinyafinya m'kati, zolemera pansi pa katoni, zopepuka pamwamba, mbale zitaima chammbali osati zosanjikizana. Mukagwedeza katoni n'kumva kulira, ndiye kuti mwatsala mpata, tsekani ndi zitenje zakale. Zonsezi n'zosavuta. Chovuta ndi kusankha munthu wokulunga.

Ife tinapatsa ntchitoyi atsibweni, poganiza kuti ndi yopepuka, yoyenera munthu wamkulu. Tinawapatsa mulu wa manyuzipepala akale, a Fuko, a Tamvani, ena a Chingerezi opanda tsamba loyamba. Anavala magalasi. Pamenepo tikanazindikira.

Ikukwana 12 koloko anali atakulunga matambula awiri. Kenaka tinamva akukuwa kuchokera pakhonde.

“Ana inu, mwamva? Kwacha yagwa!”

Mlongo wanga anasuzumira pepalalo. “Atsibweni, imeneyo ndi nyuzi ya 2012, nthawi ya amayi Joyce Banda.”

Anatsitsa magalasi, namuyang'ana. “Nanga iwe unamva kuti inadzuka?”

Palibe anayankha. Munthu amene anaona kwacha ikugwanso mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simungamutsutse pa nkhani imeneyi. Tinawasiya awerenge, matambula tinakulunga ndi masokosi.

*

Makatoni abwino ndi a sopo ndi a mafuta ophikira, opempha kugolosale. Ngati pansi pake panyowapo, asiyeni, adzakuchititsani manyazi pakati pa msewu. Ndipo muzilemba pa katoni zimene zili m'kati, kuti musadzafune mpeni m'katoni ya zithunzi. Koma kulembako kumafuna mutu.

Mkulu wina pa ulendo wake woyamba analemba zilembo zikuluzikulu: “WAILESI NDI MASIPIKA.” Lole itaima pa Nanjiri kuti adalaivala agule chimanga chootcha, katoni ija inatsika yokha osatsanzika. Munthu wakuba amadziwa kuwerenga, ndipo amathokoza mukamufupikitsira ntchito.

Ulendo wachiwiri mkuluyo anati waphunzira. Pa katoni ya TV analemba kuti “MABUKU A SUKULU.” Nzeru imeneyi inagwira ntchito, palibe wakuba anaiyang'ana kawiri. Atafika kunyumba yatsopano, anyamata aganyu anayamba kutsitsa. Wina ali pamwamba pa lole anawerenga katoni ija, n'kuuza mnzake wapansi, “Awa ndi mabuku, sasweka. Wakha!”

Mnzakeyo nthawi imeneyo n'kuti akumanga nsapato.

*

TV za masiku ano, zopyapyala ngati chipapati zija, sizifuna kugona. Muziimiritsa, nkhope yake itayang'ana matiresi, ndipo ngati katoni yake munaisunga, ino ndiyo nthawi yake. Ambiri aife katoni imeneyo inasanduka chogonera nkhuku kalekale. Ndinaonapo wakabaza atamanga TV pa keriyala ndi malegeni anayi, wokoka mwamphamvu ngati akumanga thumba la makala. Mwini wake akuthamanga pambuyo n'kumakuwa kuti aziyenda pang'onopang'ono. TV inafika, ndipo imayaka. Koma aliyense wowerenga nkhani amaoneka ndi mizere iwiri pankhope, pamene panadutsa malegeni.

*

Pali kusamuka kwa masana, pali kusamuka kwa usiku. Kwa usiku ndi kwa anthu amene ali ndi nkhani yosatha ndi alandilodi. Sindikulimbikitsa, ndikungofotokoza.

Banja lina linali ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu, ndipo alandilodi ankakhala kuseri kwa mpanda womwewo. Anakonza zonse mosamala. Ngolo ya abulu inaima patali, kuseri kwa mitengo ya mango. Ana anauzidwa kuti wokhosomola atsala. Masipuni anakulungidwa m'chitenje kuti asalire. Anavula nsapato, natulutsa tebulo, mipando, mphasa, chithunzi cha ukwati, zonse mwakachetechete ngati afiti.

Chomaliza chinali wotchi ya pakhoma, ija yagolide wabodza, imene imaimba kanyimbo ola lililonse likakwana. Bambo anaikumbatira pachifuwa ngati khanda. Akudutsa pansi penipeni pa zenera la alandilodi, inakwana 2 koloko.

Wotchi inaimba nyimbo yonse. Itamaliza inagunda kawiri, kuti pasakhale wokayika.

Chitseko chinatseguka. Alandilodi anatuluka atafunda bulangete, tochi ili m'manja. Anaunika bambo, anaunika wotchi, anaunika ana amene anaima pamzere aliyense atasenza khushoni.

“Pepani achimwene, ndimayesa kwabwera kwaya. Ndiye ulendo wa kuti usiku uno?”

“Ayi bwana, timangofuna tiziwombetse mphepo.”

“Mwachita bwino. Masofawo awombedwere kwanga kuno, mpaka mudzamalize kulipira.”

Musananyamule wotchi, wailesi kapena chidole cha mwana, chotsani mabatire. Ngakhale osamuka masana, mabatire akatsalamo amatha kutuluka madzi n'kuononga chinthu. Koma osamuka usiku ndiwo amamvetsa bwino langizoli.

*

Osaseka kwambiri anzathuwa. Ngakhale boma kusamuka kunalivuta. Likulu linachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, koma Nyumba ya Malamulo inatsala komweko pafupifupi zaka makumi awiri, ngati katoni yoiwalika kuseri kwa chitseko. Itabwera, inakhala m'nyumba ya boma yatsopano ija, mpaka mu 2004 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anati nyumbayo akufuna kukhalamo eni ake. Aphungu analowa nyumba yawoyawo mu 2010. Ngati olemekezeka anauzidwapo kuti apeze kwina, iwe ndi ine wa lendi ya pa Nathenje tingadandaule chiyani?

*

Sofa ili ndi chikhalidwe chachilendo: imanenepa ikakhala m'nyumba. Inalowa bwinobwino pakhomo zaka zisanu zapitazo, lero ikukana kutuluka. Amuna anayi amaitembenuza uku ndi uku, aliyense ndi kapitawo, wina akuti kwezani, wina akuti tsitsani, wina chala chapanikizika pa felemu akuitana amake. Pakapita ola lathunthu, kamwana kamafunsa kuti, “Bwanji osachotsa miyendo?” Miyendo ya masofa ambiri ndi yopotokola chabe. Kamwanako kamakalipiridwa kuti kasamalowerere nkhani za akuluakulu, kenaka miyendo imachotsedwa.

Sofa ikatembenuzidwa ndi pamene milandu yakale imatha. Kwathu munatuluka ndalama zachitsulo za nkhope ya Kamuzu, chipeso, theka la bisiketi, ndi sipuni imene mng'ono wanga anakwapulidwira ali Sitandade 3. Pano ali ndi ana awiri. Anaitola, n'kupita nayo kwa mayi osalankhula kanthu. Mayi anaiyang'ana n'kunena, “Ndiye unaibisa m'menemo?”

Mumatulukanso alendo ena, nsikidzi ndi mphemvu, okhawo amene amasamuka osalipira ngolo. Masiku awiri musanasamuke, tulutsani masofa padzuwa, kunthani, thirani mankhwala m'misoko. Mukapanda kutero, nyumba yatsopano mudzailowa muli ambiri kuposa amene munauza alandilodi.

Ndipo ngati ndi nthawi ya dzinja, gulani pepala lakuda lofolerera nyumba lija. Mitambo ya ku phiri la Bunda imadikira kuti sofa ikwere kaye. Sofa ikanyowa imanunkha ngati galu mpaka Isitala.

*

Nkhani yomaliza ndi yanga, ndipo ikundiwawabe. Posamuka mwezi wathawu ndinachita zonse mwa dongosolo. Misomali yopotokola ya tebulo, miyendo ya sofa, mawaya a dikoda ndi rimoti ndinaika m'jumbo imodzi yakuda, n'kumanga mfundo ziwiri. Ndi mmene akatswiri amachitira, tizinthu ting'onoting'ono tonse malo amodzi. Ndinapereka jumboyo kwa mayi a kunyumba.

“Mayi, iyi muike malo abwino, osataika.”

“Musade nkhawa bambo, ndaika poti ngakhale wakuba sangapeze.”

Ananena zoona. Tafufuza mumtondo, m'fulasiki, m'thumba la mtedza, m'nsapato za kutchalitchi. Iwo akuti anandibwezera m'manja ngolo isananyamuke. Ine sindikukumbukira, ndipo ndaona kuti kukumbukira kungandivute kuposa kuiwala.

Pakali pano sofa yakhala pansi ngati mphasa, alendo akakhala maondo amafika m'makutu. Tebulo laimira pa njerwa zinayi. TV taikonzera mawaya obwereka, koma popanda rimoti yaima pa tchanelo imodzi, ya mapemphero, ndipo voliyumu inatsala pamene anaisiya atsibweni, amene samva bwino khutu limodzi. Oyandikana nafe ayamba kutipatsa moni wa “abusa.”

Choncho amene munatola jumbo yakuda ya mfundo ziwiri pakati pa Kamphata ndi Nathenje, chonde bweretsani. Miyendo ya sofa mutha kusunga, tazolowera kukhala pansi. Rimoti yokhayo.