Walira Mvula Walira Chipewa Chachikasu

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Iwo ankanena zakumunda, koma mwambiwu umakhala bwino pakhomo pa munthu wangongole. Tsiku lokongola ndalama mvula imagwa yokoma: nkhope kuwala, nyama pamoto. Matope amabwera tsiku lobweza, ndipo aliyense amafuna kuwalumpha.

Ku Scotland makedzana kulumpha kunali kovuta. Munthu amene ngongole zamufika m'khosi, n'kupereka katundu wake yense kwa omukongoza kuti asawolere m'ndende, ankamutcha dyvour. Mu 1606 oweruza a khoti lalikulu la Court of Session analamula kuti mumzinda wa Edinburgh mumangidwe chipilala chamiyala pafupi ndi Mercat Cross, pakatikati pa msika, chokhala ndi pokhalira pamwamba. Tsiku la msika dyvour ankamukhazika pamenepo atavala chipewa chachikasu, kuti wogula nsomba ndi wogulitsa mazira omwe amuone, amusunge m'mutu. Patapita zaka anaona kuti chipewa chokha chikuchepa, n'kuwonjezera malaya, mbali ina yachikasu, ina yofiirira. Tangoganizani bambo wandevu zake akudutsa mumsewu ngati nthochi yoyamba kuwola. Amene wagwa chifukwa cha tsoka chabe, khoti linkatha kumukhululukira chovalacho, ndiye mukhoza kudziwa kuchuluka kwa anthu atsoka amene ankafika kwa oweruza. Lamulo la zovalazi linatha mu 1836, koma dzinalo linali litatuluka kale m'khoti n'kusanduka mwano wamba, wonenera kathyali aliyense, ngakhale amene sanakongolepo kanthu.

Ngongole ndi ukathyali zimayendera limodzi. Mu 1621 nyumba ya malamulo ya Scotland inachita kukhazikitsa lamulo lothana ndi a dyvour amene ankasamutsira chuma chawo kwa achibale ndi anzawo apamtima omukongoza asanafike. Ndiye kuti nkhani ija yakuti "galimotoyi si yanga, ndi ya mlamu wanga" inayamba galimoto isanabadwe.

Kunalinso kothawira. Aliyense wolowa m'dera lozungulira nyumba yachifumu ya Holyrood, kuphatikizapo phiri la Arthur's Seat, sankamangidwa chifukwa cha ngongole. Lamlungu ankatuluka n'kukacheza mumzinda mwaufulu, poti tsikulo wangongole sankagwidwa, bola abwerere usiku usanafike pakati. Anthu ankawaseka powatcha Abbey lairds, mabwana opanda ndi munda womwe. Mu 1796 kunafika Comte d'Artois, yemwe pambuyo pake anadzakhala Mfumu Charles X ya France, ngongole zili pambuyo. Iyeyu chipewa chachikasu sanachione n'komwe. Anamupatsa zipinda m'nyumba yachifumu momwemo. Matope nawo amasankha nsapato.

Masiku ano chipewacho chilipobe, kungoti chinasintha mutu. Amene akuyenda wamanyazi ndi wokongoza. Akaimba foni, nambala siikupezeka. Akatumiza uthenga pa WhatsApp, timizere tiwiri tija tisanduka tabuluu, yankho zii. Madzulo atsegula Facebook, n'kupeza wangongole uja ali kunyanja, magalasi akuda kumaso, pansi pa chithunzi atalemba mawu othokoza Mulungu chifukwa cha madalitso. Madalitsowo mwini wake akudya nsima ya mchere.

Akalimba mtima n'kupita kunyumba, amayamba ndi iye kupepesa. "Pepanitu achimwene, ndabwera ndi kankhani kaja." Winayo amapumira m'mwamba, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tindalama tomweti mukundisowetsa nato mtendere? Ndinati kumapeto kwa mwezi."

"Munatero mwezi wa Marichi."

"Nanga ndinatchula mwezi wake? Komatu poti mwabwera, tandibwerekaniko ya minibasi, ndikayang'ane kumene ndingapeze zanuzo."