Firiji ya ku Kuku Yatsika Mtengo Katatu

Linali Lachinayi pa 14 Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala m'njira za ku Kuku, komboni ya mu Lusaka. Pa buthi ina ya ndalama za pafoni, pafupi ndi pomwe maminibasi a ku tauni amaima, mnyamata wa pamenepo ndalama zopatsa otapa zinali zitamuthera. Anatuma mnzake kukatenga zina, ife n'kukhala pa benchi kudikira. Ndi pomwe panafika mayi wina wovala chitenje cha mpingo, foni yosweka galasi ili m'manja. Sanabwere kudzatapa kapena kutumiza.

"Mwana wanga, nionereko apa. Nachosako futi 400, koma kulibe wamene abwera."

Mnyamatayo analandira foni ndi manja awiri. Pagalasi panali firiji yoyera ya zitseko ziwiri, yojambulidwa usiku, theka lake lili mumdima, pamwamba pake pali beseni ndi poto. Mayiwo anaiika pa Facebook Marketplace komanso m'magulu awiri ogulitsirana katundu a mu Lusaka. Lolemba inali pa K3,500. Lachiwiri inatsika kufika pa K3,200, Lachitatu pa K2,900, ndipo m'mawa wa tsikulo inali pa K2,500.

"Alipo amene alemba, amai," anatero mnyamatayo, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Wina anangofunsa kuti "Last price?" Wina anafunsa ngati ikadalipo, atayankhidwa n'kungoti zii. Wachitatu ndiye analemba zomveka: K1,500, ndalama pamanja, abwera ndi galimoto nthawi yomweyo.

"Nimupase chabe uyo?" anafunsa mayiwo, mawu ali pansi.

Pa tebulo loyandikana ndi buthiyo pamakhala bambo wina wokonza mafoni, waimvi, yemwe anthu amati anakhalitsa pa malonda mu Katondo Street, msewu wa m'tauni womwe aliyense mu Lusaka amaudziwa pa nkhani ya mafoni. Anaika pansi kasikuludiraiva kake.

"Amai, renti ifunika liti?"

"Pa 1."

"Manje muthamangira chani? Lelo ni pa 14. Nindani ali na ndalama pa 14?"

Funso limenelo linandikhala mumtima, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ndalama mu Lusaka zili ndi masiku ake. Aphunzitsi, anamwino, alonda, ogwira ntchito m'nyumba za ku Kabulonga ndi m'mafakitale, ambiri amalandira mwezi ukamatha. Pofika pakati pa mwezi, zija zinapita kale kwa eni nyumba, ku ufa, ku malasha ndi ku chilimba, gulu losonkherana ndalama mosinthana. Munthu amene angafune firiji yoti azisungiramo ndiwo kwawo amaiona pafoni, amaikhumbira, koma m'thumba mulibe kanthu. Wokhala ndi ndalama pa 14 ndi uja amene ntchito yake ndi kugula motchipa kuti akagulitsenso. Choncho mayiwa potsitsa mtengo katatu konse, ankatsitsira munthu mmodzi yekhayo, ndipo iye ankangoyang'ana, akudziwa kuti mawa utsikanso.

Bambo wa mafoniyo anafotokoza zimenezi mwa njira yake. Anati pa Marketplace munthu ukatsitsa mtengo, wakale uja umaonekabe pambali utakhwatchidwa. Kamodzi, zimakopa, wogula amaona kuti wapeza mwayi. Koma yemwe wakhala akuutsatira kuyambira Lolemba, n'kuona ukugwa tsiku ndi tsiku, amaganiza ziwiri: mwina firijiyo ndi yakufa, mwina mwini wake wapanikizika. Zonse ziwirizo zimamuuza kuti adikire kaye. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amai," anatero. "Mutengo suchosedwa daily. Muyembekeza sabata yonse, muone."

Sabata imene ankanenayo ili ndi chifukwa chake. Malonda a pa Marketplace akatha masiku 7, mwini wake amatha kuwadzutsanso kuti abwerere pamwamba, osachotsa ngakhale ngwee imodzi. Nthawi zambiri katundu sayenda chifukwa chakuti wakwiririka pansi pa mabedi, nsapato ndi ma TV a anthu ena, osati chifukwa chodula. M'magulu ogulitsirana ndiye zimakwiririka m'maola ochepa. Pa status ya WhatsApp chithunzi chimafufutika pakatha maola 24, ndipo amene amachiona ndi anthu okudziwa, a kumpingo, a pamsika, apabanja, omwe saopa kulowa m'Kuku kudzaona katundu. Mayiwa pa status anali asanaikepo n'komwe.

Mnyamata wa pa buthi anafunsa nthawi imene amaika malondawo. Anati m'mamawa, akamadzuka kukatunga madzi. Mnyamatayo anapukusa mutu. Iye amaona tsiku lonse nthawi imene anthu amagula bandulo ndi nthawi imene amaweramira pafoni: pa nkhomaliro, kenako madzulo ali m'minibasi pa mndandanda wa magalimoto wa mu Kafue Road, mpaka usiku akadya nsima. Chinthu choikidwa 5 koloko m'mawa chimakhala chitamira kale anthuwo asanatsegule Facebook.

Ndiye pali nyengo. Aliyense pa benchipo ankakumbukira 2024, chaka chimene chilala chinachepetsa kwambiri madzi ku damu la magetsi la Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, magetsi n'kumasowa pafupifupi tsiku lathunthu. Chaka chimenecho firiji inali bokosi chabe, pomwe mabatire, masola, mbaula ndi masitovu a gasi ankalandidwa m'manja. Bamboyo anati kwa wogulitsa firiji, masiku abwino ali kutsogoloku: kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala kukafika, amayi ogulitsa madzi ozizira, maheu ndi munkoyo amayamba kuifunafuna. Koma asadikire mpaka mvula. Kuku, monga Misisi ndi Kanyama, imasefukira madzi, galimoto imalephera kulowa, ndipo wogula amakayikira chilichonse cha magetsi chochokera m'nyumba yomwe mwina munalowa madzi. Januwale ndiye osanena. Ngakhale boma linachotsa fizi m'sukulu zake mu 2022, yunifolomu, nsapato ndi makope zimamaliza ndalama za kholo lililonse.

Sikuti katundu yense amafuna kudikira. Bamboyo ananena yekha kuti foni ndi ina: ikakhala miyezi iwiri osagulidwa, mtundu watsopano umakhala watuluka, ndipo mtengo wa dzulo sumabweranso. Anatinso munthu asanalembe mtengo uliwonse, ayambe wafunsa kuti chatsopano chikugulidwa zingati m'masitolo a ku Kamwala kapena m'tauni, chifukwa wogula amayerekeza ndi chimenecho, osati ndi ndalama imene mwini wake anatulutsa zaka zitatu zapitazo.

Apa mayi wina wogulitsa vitumbuwa, yemwe anali chete nthawi yonseyi, analowererapo.

"Ba uncle, kuyembekeza ni kwa amene ali na unga munyumba."

Panakhala bata. Mwini firiji anayang'ana pansi, kenako anaulula kuti si lendi yokha. Pali kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja, amene anatenga mwana atadwala, ndipo mwini ndalamazo amabwera pakhomo madzulo alionse.

Mayi wa vitumbuwayo ananena zoona, ndipo ine sindingamutsutse. Malangizo a kudekha ndi osavuta kupereka kwa munthu amene wadya. Anthu ambiri a m'makomboni sagulitsa firiji chifukwa agula ina yabwino, amagulitsa chifukwa moto wafika pakhomo. Ndipo zimandiwawa kuti pali anthu amene amakhalira kuyendayenda pa malonda a pafoni kusaka omwe apanikizika, n'kuwalembera theka la mtengo ndi mawu oti "manje manje", akudziwa bwino lomwe kuti mawu amenewo ndiwo amagwetsa munthu wa ngongole. Kunenerera mtengo ndi mwambo wa pamsika, ku Soweto ndi ku City Market timachita tonse. Koma kupereka K1,500 pa chinthu chimene sabata yamawa udzachiika pa mtengo wowirikiza, kumeneko ndi kudyera pa tsoka la mnzako.

Komabe ngakhale wopanikizika ali ndi pothawira, ndipo bamboyo anapaona. Anati m'malo mothamangira kwa wa K1,500, mayiwo apite kwa mwini kaloba, amuonetse firiji, amuuze tsiku lenileni. Wobwereketsa amafuna ndalama yake yonse, ndipo firiji ikapita motchipa naye yemwe sakwanira.

Zotsalazo anazikonza pomwepo, mnyamata akudina, bambo akunena. Malonda akale aja achotsedwe onse, chifukwa mbiri ya kutsika kwake yawaipitsa. Magetsi akabwera masana, firiji ipukutidwe, beseni ndi poto zichoke, ijambulidwe panja pali kuwala: kutsogolo, m'mbali, chitseko chili chotsegula getsi la mkati likuyaka, ndi madzi oundana akuoneka mufiriza. Ngati pali pokalika, pajambulidwenso, wogula asadzapeze chifukwa chochotsera ndalama atafika. Iyambe yaikidwa pa status. Pa 25, madzulo, ibwerere pa Marketplace ndi m'magulu pa K3,200. Mumtima mwawo mayiwo asunge K2,800 ngati malire, osauza munthu. Pakafika pa 29 palibe wabwera, atsitse kamodzi kokha, ndalama yooneka, osati kumachotsa pang'onopang'ono. Ndipo asalembe kuti akufuna ndalama mwachangu.

Mnyamatayo anawonjezera lake, la ntchito yake. Munthu akati watumiza pa Airtel Money kapena pa MoMo, firiji isakwere galimoto chifukwa cha meseji yokha. Mameseji abodza alipo, ndipo a ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, amachenjeza za iwo kawirikawiri. Ayambe aona balansi okha, kapena abwere pa buthi adzatape, ndalama ili m'manja ndiye katundu anyamulidwe. Tsiku limenelo pakhomo pakhalenso munthu wina wamkulu.

Mayiwo anamanga foni pa nsonga ya chitenje, anathokoza bamboyo mogwada pang'ono, n'kulowera njira ya kumsika. Uja wa K1,500 sanamuyankhe.

Inu amene mukuona kale kuti mwezi wamawa mudzafunika kugulitsa bedi, wailesi kapena makina osokera, musadikire mwini nyumba agogode. Jambulani katunduyo sabata ino, funsani mtengo wa watsopano, sankhani malire anu, ndipo muikeni pamalonda masiku amene anthu alandira.