Nyimbo ya njinga ya pa Mandimba

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma sananene kuti nyimboyo ituluke pakamwa. Pakati pa Chiponde ndi Mandimba, m'makilomita angapo olekanitsa chipata cha Malawi ndi cha Mozambique, imayimbidwa ndi tcheni cha njinga.

Kuipa kokha njingayo inaipa ndithu. Chishalo anachimanga ndi mphira wa chubu chakale, buleki ndi patapata wa mwini wake, belu linagwa kalekale moti amangoimba mluzu. Komabe pakaliyala pakwera thumba la chimanga, kumahandulo kukulendewera nkhuku. Mnyamata wa kabaza atchula mtengo m'makwacha, n'kuutembenuzira ku metikali asanameze malovu, m'Chiyao, m'Chinyanja, kenako n'kuwazako Chipwitikizi, chomwe ntchito yake ndi kukweza mtengo. M'foni mwake muli malaini awiri, Airtel ndi Movitel, ndipo amadziwa chulu chimene iliyonse imagwirira.

Agogo ake a anthu otere ndi Kalulu wa m'nthano. Analibe nyanga, analibe msinkhu. Anangopatsa Njovu nsonga ya chingwe, Mvuu nsonga inayo, aliyense n'kumaganiza kuti akukokana ndi kanyama kaja, iye ali phee pamthunzi. Wofuna kumuona lero apite pa bodala: wavala kachikwama m'chiuno, waima pakati pa kwacha ndi metikali, ndipo zikamakokana ziwirizi, ya ndiwo amapeza ndi iyeyo.

Mabuku osindikizidwa anatengera khalidwe lomweli. Mu Terra Sonâmbula, buku la Mia Couto la mu 1992, nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga, pothawa nkhondo, asandutsa basi yopsa kukhala nyumba. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anatola fani ya thalakitala, mapaipi a pulasitiki ndi njinga ya bambo ake, n'kuzikweza pa nsanja ya bulugamu. Anzake ankati wapenga, mpaka babu linayaka. Nkhaniyo inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaisandutsa filimu. Taonani, njinga yalowanso pomwepa.

Mwambi wa nyimbo uja uli ndi kamsampha kake: woyimba akakometsa kwambiri, omvera amaiwala zoti pali choipa chofunika kukonza. Msewu wa N13, wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo m'boma la Ngauma mpaka ku Lichinga, unakhala zaka zambiri wopanda phula. M'dzinja minibasi, yomwe kumeneko amati chapa, ikatitimira, okwera ankatsika, kuthyola nthambi, kuyala pansi pa matayala, kukankha, matope mpaka m'khosi, kenako n'kulipira mtengo wonse ngati anyamulidwa ulendo wonse. Alendo ankayamikira luso la anthu a m'chigawo chimenechi cha Niassa. Eni ake akanasinthanitsa lusolo ndi phula tsiku lomwelo.

Sitima ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga inayambanso kuyenda mu 2016, phula nalo linabwera pambuyo pake. Wa kabaza wagula njinga yamoto, petulo amathira wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Hutala inafa mwezi woyamba, ndiye wabwerera ku mluzu.