Mlandu wa Safunsa Uzengedwenso

Safunsa anadya phula. Mwambi umenewu tonse tinaumva tili ana, ndipo chigamulo chake chinaperekedwa kalekale: wolakwa ndi Safunsa. Anampatsa malesa a njuchi, iye osafunsa kuti chodya n'chiti, cholavula n'chiti, anangotafuna zonse n'kumeza. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake silichoka pakamwa pa agogo. Koma pabwalo limene linazenga mlanduwu panalibe amene anafunsa kuti wompatsa malesayo anali kuti pamene mnyamatayu ankameza phula. Ine ndikuti anali pomwepo, ataima kutsogolo, choko chili m'manja. Ndipo asanampatse anayamba wamufunsa kuti, "Wamva?" Safunsa n'kuyankha mwaulemu, "Inde, aphunzitsi."

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mlanduwu uzengedwenso, ndipo oweruza mukhale inu amene muli pa Chipata College of Education ndi m'makoleji ena, amene posachedwapa mutumizidwa kusukulu za ku Chiparamba, kwa Madzimawe ndi kumidzi ina ya m'boma la Kasenengwa. Kumeneko a Safunsa akukudikirani, atathithikana pamadesiki, maso ali mwaa.

Palibe mwana amene amabadwa ali Safunsa. Wazaka zitatu amafunsa mpaka nsima kupserera. "Amama, mwezi ukutitsatiranji? Nanga nkhuku bwanji sikodza?" Mayankho ake timawadziwa tonse: "Khala chete iwe, ukundisokosa." "Wakhala wapolisi kodi?" Pofika tsiku lokalembetsa giledi 1, mwanayo amakhala ataphunzira kale kuti mwana wamwambo amagwada, amayang'ana pansi, ndipo wamkulu akalankhula amavomera. Ulemu umenewu sindikuunyoza. Pamaso pa mfumu ndi pamaliro ndi wofunika ndithu. Koma m'kalasi la masamu umadyetsa phula.

Kusukulu timangomalizitsa ntchito imene inayambika kunyumba. Taonani mmene timafunsira kuti, "Pali funso?" Timafunsa dasitala ili kale m'manja, phazi limodzi litaloza kukhomo, maso ali pawotchi. Mwana amene angakweze dzanja pamenepo ndiye kuti watopa nawo moyo, chifukwa anzake amene akumva fungo la zitumbuwa panja akamuonetsa zakuda pobwerera kunyumba.

Mayi wina wa ku America, Mary Budd Rowe, amene ankaphunzitsa aphunzitsi a sayansi, anajambula mawu m'makalasi ambirimbiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, n'kumayeza nthawi imene mphunzitsi amadikira akaponya funso. Anapeza kuti ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi, kenako amaloza mwana wina kapena kudziyankha okha. Aphunzitsiwo atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika, ana amene ankayesedwa ogona m'mutu anayamba kukweza manja, ndipo anawo anayamba kufunsa mafunso awoawo. Njira imeneyi sifuna ndalama za CDF, sifuna magetsi, sifuna chilolezo chochokera ku Lusaka. Imangofuna kuti mphunzitsi atseke pakamwa masekondi atatu. Apa m'pamene pagona vuto, chifukwa ambirife tinalowa ntchitoyi pokonda kumva mawu athu omwe.

Ndiye pali mkulu wake wa mafunso onse achabe, uja timati, "Mwamva?" kapena, kwa amene anapita patali ndi sukulu, "Tili limodzi?" Funso limeneli lili ndi yankho limodzi dziko lonse lapansi. Amene wamva amati inde. Amene sanamve amati inde. Amene anali mtulo amadzidzimuka ndi inde wake, wamphamvu kuposa wa onse, kuti asaoneke kuti anachokapo. Kuyambira mu January 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, ana anakhamukira m'makalasi, ndipo ngakhale chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496, makalasi ambiri akadali odzaza mpaka pakhomo. M'kalasi lotere inde amagwedeza malata. Ahedi akamadutsa pakhonde amagwedeza mutu mokhutira, amvekere, "Mwana uyu amaphunzitsa."

Chimodzimodzi powerenga. Mphunzitsi aloza pabolodi ndi kandodo, kalasi lonse liyimba: ba, be, bi, bo, bu. Yang'anitsitsani kumbuyo kuja. Pali mnyamata amene maso ake ali pawindo, akutsatira ngolo imene ikupita kuchigayo, koma pakamwa pake sipakuphonya ngakhale chilembo chimodzi. Ameneyo akuwerenga bolodi ndi nkhongo. Tsiku lina mudzayambire kumapeto, mudzaloze bu, kenako be, kenako mudzatchule dzina lake iye yekha. Mudzamva kulira kwa njiwa za kumunda kwa eni ake.

Apa mlandu uja watembenuka. Safunsa wamkulu m'chipinda chimenechi ndi mphunzitsi. Sanafunse mwana aliyense payekha kuti akudziwa chiyani. Anangotsegula silabasi, n'kuona kuti sabata ino ndi ya tizigawo ta nambala, n'kuyamba kugawa malesa. Temu ikatha amalemba mu rekodi kuti zonse zaphunzitsidwa, ndipo sakunama. Zinaphunzitsidwadi, kungoti sizinaphunziridwe. Iye amadya phula lake mwakachetechete, mpaka zotsatira za mayeso zitatuluka, pamene amayamba kudandaula kuti ana a masiku ano ndi ouma mitu.

Mankhwala a matenda amenewa anafika kwathu kuno mu 2016, pamene Unduna wa Zamaphunziro unayamba kuyesa pulogalamu ya Catch Up m'sukulu 80 za m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba. Nthawi imeneyo Kasenengwa anali akadali mbali ya Chipata, poti anakhala boma paokha mu 2018. Njirayi inachokera ku India, ku bungwe la Pratham, ndipo mutu wake ndi wosavuta mochititsa manyazi. Mphunzitsi amakhala pansi ndi mwana mmodzimmodzi wa giledi 3 mpaka 5, n'kumupatsa pepala kuti awerenge. Wina amawerenga kankhani konse, wina kandime, wina mawu okha, wina zilembo, wina amangoliyang'ana pepalalo mwaulemu. Akatero anawo amagawidwa m'magulu motsata pamene aliyense wafika, osati motsata giledi, ndipo kwa ola limodzi patsiku amaphunzira zimene akuzisowadi. Ndiye kuti panafunika akatswiri a ku India, mabungwe akunja, misonkhano ndi malipoti kuti atiuze zimene agogo ananena kalekale pamphasa: funsani. Sindikudandaula. Nthawi zina mwambi umafunika ukwere ndege kaye kuti tiulemekeze.

Pamasamu, Catch Up imagwiritsa ntchito timitengo ndi timitolo ta timitengo khumikhumi, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene phula limamezedwa kwambiri. Lembani pabolodi 32 kuchotsapo 7. Mphunzitsi amati, "2 kuchotsa 7 sizitheka, ndiye tibwereka kwa 3." Ana onse amabwereka. Koma pali mtsikana wina pakona, amene amayi ake amagulitsa tomato ndipo amadziwa bwino za ngongole, yemwe mumtima akufunsa kuti, nanga tibweza liti? Ndipo bwanji tabwereka 1 koma wafika ali 10? Safunsa. Amameza. Chaka chamawa adzabwerekanso, mpaka kusekondale, ali ndi ngongole ya manambala imene sakudziwa mwini wake. Mupatseni timitolo titatu ndi timitengo tiwiri, mumuuze achotsepo tisanu ndi tiwiri. Adzamasula yekha kamtolo kamodzi, ndipo palibe adzafunike kumuuza kumene 10 uja wachokera.

Mnyamata wa pawindo uja nayenso musamupeputse. Madzulo aliwonse amalowetsa ng'ombe za atate ake m'khola, ndipo ikasowa imodzi amadziwa asanatseke chipata, amadziwanso kuti yasowa ndi iti ndiponso dambo limene yatsalira. Munthu wotere simungamuuze kuti sadziwa kuchotsera. Mufunseni za ng'ombe, kenako mulembe yankho lake pabolodi m'manambala, muone nkhope yake akazindikira kuti zimene mwakhala mukumuzunza nazo chaka chonse ndi zomwe amachita tsiku lililonse kwaulere.

Tsopano za tichingi pulakitisi, poti ndi kumene mukulowera. Tsiku limene alekichara akubwera kudzakuonererani limadziwika ndi mudzi wonse. Kalasi limasesedwa kawiri. Zithunzi za pamanila, zimene ana sanazionepo chibadwire, zimamera pakhoma usiku umodzi. Phunzirolo linayesedwa kale dzulo ndi dzana, moti ana amayankha funso lisanathe. Amanena anthu, ine ndimangomva, kuti ena amapangana ndi ana kuti aliyense akweze dzanja: wodziwa akweze lamanja, wosadziwa lamanzere. Alekichara amaona nkhalango ya manja n'kulemba malikisi apamwamba. Tsoka limagwa tsiku limene mwana wosasiyanitsa manja ndi manzere wakhala kutsogolo.

Pa tsikuli sipalephera ntchito ya m'magulu, chifukwa buku linati mwana akhale pakati pa phunziro. Ndi mfundo yabwino, ndipo silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 ikulimbikira pomwepo, kuti tiziona zimene mwana angathe kuchita, osati zimene angathe kuloweza. Koma gulu la ana asanu ndi atatu lokhala ndi cholembera chimodzi limayenda motere: wanzeru amalemba, mnzake amamugwirira pepala, otsalawo amakambirana za Chipolopolo. Ngati mukufuna gulu ligwire ntchito, musanene msanga amene adzafotokoze kutsogolo. Mudzasankhe nokha pamapeto, ndipo mudzasankhe wa Chipolopolo uja. Kawiri kokha, gulu lonse lidzayamba kufunsana.

Za chikwapu sindichulutsa. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kumenya mwana pasukulu, ndipo amene akulakalakabe masiku a mkwapulo akalime fodya. Koma lilime silinalandidwe. Mwana akafunsa inu n'kuyankha kuti, "Unali kuti pamene ndimafotokoza?" kalasi n'kuseka, mwapanga a Safunsa makumi asanu ndi limodzi nthawi imodzi, chifukwa onse aona mtengo wa funso. Yankho lolakwa nalonso lili ndi ntchito. Mwana akati 32 kuchotsa 7 ndi 35, sanalote. Wachotsa 2 mu 7 n'kutsitsa 3. Mukamufunsa kuti, "Wapeza bwanji?" adzakuonetsani yekha pamene njira inapatukira, ndipo mudzapeza kuti theka la kalasi linapatukira pomwepo, kungoti enawo anakopera kwa mnzawo wa kutsogolo.

Safunsa womaliza ndi amene ndikumuopa kwambiri, chifukwa ndi waukhondo, wavala tayi, ndipo dipuloma yake ikadali yonunkhira inki. Wafika pasukulu n'kupeza amayi ena amene aphunzitsa giledi 1 kuyambira iye asanabadwe, amene amadziwa kukhazika chete ana osawerengeka ndi kanyimbo kamodzi. Kuwafunsa? Ayi, iwo ndi a setifiketi yakale. M'malo mwake amafunsa foni. Lesoni pulani amaitenga pagulu la WhatsApp, yolembedwera sukulu ya mumzinda, ndipo pamzere wa zipangizo palembedwa kuti pulojekita, pamene sukulu yake ilibe ndi soketi yomwe. Funso lovuta amalipereka kwa ChatGPT, imene imayankha mwaulemu ndi molimba mtima ngakhale pamene ikunama. Uyu ndiye Safunsa wamakono: amafunsa kwambiri, koma safunsa ngati chimene wapatsidwacho ndi uchi.

Chonsecho njira yofunsana ilipo kale m'sukulu zathu. Kuyambira mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, aphunzitsi a m'Zambia anayamba zimene amazitcha Lesson Study, poyamba m'chigawo cha Pakati, kenako m'zigawo zina. Aphunzitsi amakonzera limodzi phunziro, mmodzi amaliphunzitsa anzake akuonerera, kenako amakhala pansi n'kukambirana pamene ana anasochera, n'kulikonzanso. Zimawawa pang'ono kumva mnzako akukuuza kuti unalankhula mphindi makumi atatu osapuma. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kuli bwino akutsine mnzako wa mu sitafu rumu kusiyana n'kuti akutsine makolo pamsonkhano wa PTA.

Tsiku lina mwana adzakufunsani chinthu chimene simukuchidziwa. Adzafunsa chifukwa chake nkhuku sikodza. Pamenepo pali njira zitatu zimene aphunzitsi anzanu anazipondaponda: kunena kuti zimenezo n'za giledi ya kutsogolo, kumupatsa funsolo ngati homuweki, kapena kumutuma akafufute bolodi. Yachinayi ndi kunena kuti, "Sindikudziwa, mwanawe, tikafufuze tonse, mawa tidzauzane." Simudzafa. Mawa lakelo mudzabwera mutadziwa kuti mbalame zimatulutsa zonse pamodzi, ndipo choyera chija pa zitosi ndiwo mkodzo wake. Ana sadzaiwala phunziro limenelo mpaka ukalamba, ndipo kunyumba nkhuku zidzaonereredwa kuposa kale.

Choncho, aphunzitsi a mawa, mukafika pasukulu imene akutumizani, sabata yoyamba musathamangire silabasi. Itanani ana asanu a kumbuyo kwenikweni, mmodzimmodzi, muwapatse kandime ka m'buku la giledi 2 kuti akuwerengereni. Musaiwale kutenga mpando, chifukwa zimene mukamve zimafuna munthu atakhala pansi.