Chuluke Chuluke Ngwa Mankhwala a Chimfine

Akale anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Kwa wodwala chimfine wa masiku ano mwambi umenewu ndi wovuta kuutsata, chifukwa akachira sadziwa woti amuloze chala.

Ingoyetsemulani kawiri mu minibasi muone. Kondakitala asanakubwezereni chenje, mayi wa mpando wakumbuyo wakulemberani kale mankhwala: jinja, adyo ndi mandimu. Musanatsike, azakhali atumiza uthenga pa WhatsApp wonena kuti madokotala akubisa chinsinsi cha anyezi. Agogo sachulutsa gaga m'diwa. Amangotereka mphika wa masamba a bulugamu, n'kukufunditsani bulangete mpaka muyambe kulapa machimo amene simunachite.

Kwabweranso njuchi zochokera ku India. Kumeneko kuli Ayurveda, luso lamakedzana la zitsamba, ndipo boma lili ndi unduna wake woona zimenezi, wotchedwa AYUSH. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, undunawu unalangiza anthu kumwa kadha, tiyi wowiritsa masamba a tulsi, sinamoni, tsabola wakuda ndi jinja wouma, komanso mkaka wotentha wothira ufa wa chikasu. Amayi a ku India akhala akumwetsa ana awo mkaka umenewu kuyambira kalekale popanda kujambula. Lero ukugulitsidwa m'malo omwera khofi ku London, wapatsidwa dzina lachizungu, ndipo msuweni wanu amene anauonera pa YouTube akulankhula ngati anauyambitsa ndi iye.

Tsono wodwala uja wamwa zonse. M'mawa kadha, masana adyo waiwisi, madzulo nthunzi. Anzake akuntchito ayamba kukhala patali, osati poopa chimfine, koma fungo. Pakatha sabata wadzuka ali gwa, ndipo mkangano wayamba. Azakhali akuti ndi anyezi, agogo akuti ndi bulugamu, msuweni akuti ndi chikasu. Thupi limene lagwira ntchito yonseyo palibe wolithokoza. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo nthawi zambiri chimatha chokha m'masiku 7 mpaka 10, mwamwa kanthu kaya ayi.

Izi sizikutanthauza kuti mphika uja ndi wachabe. Zakumwa zotentha zimafewetsa pakhosi, kuchukucha madzi ofunda a mchere kumachepetsa ululu, ndipo uchi umatonthoza chifuwa, bola osapatsa mwana wosakwana chaka. Njuchi yoluma kwenikweni ndi makapisozi a amoxicillin ogula popanda dokotala: sapha vairasi, amangophunzitsa mabakiteriya kulimba mutu. Nawo mphika wa nthunzi uzitalikira ana, ungawawotche.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena thupi likatentha kwambiri, siyani makapuwo mupite kuchipatala akakuyezeni TB kapena malungo. Mukafika musadabwe kupeza azakhali ali kale pamzere, akutsokomola, foni ili m'manja, akulangiza nesi za anyezi.