Wapachala Ngwamphepo

Akuluakulu amene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndikukhulupirira kuti ankanena za amalume anga a kwa Ndamera, ngakhale kuti nthawi imeneyo eni akewo anali asanabadwe. Enafe mwambiwu timautchula tikamadandaula za ngongole imene mnzathu walonjeza kubweza mwezi ukatha. Kwa amalume si fanizo ayi. Zimawachitikira katatu kapena kanayi tsiku lililonse, anthu akuona.

Muwapeze masana a mu Okutobala atakhala pansi pa mtengo wa nimu, kunja kukutentha moti ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Dzanja lamanja lili pabondo koma silinagone. Chala chachikulu ndi cha mkombaphala zikungotikitana, ngati munthu amene akuwerenga ndalama zomwe alibe. Atulutsa kabotolo, agogoda pachikhatho, atsina. Chodabwitsa n'chakuti akangotsina fodyayo, manjenje aja amaleka. Chimatsala ndi ulendo. Kuchoka pabondo kukafika pamphuno, inu ndi ine timangophethira kamodzi tafika, koma dzanja lawo limanyamuka ngati minibasi ya ku Marka imene sinadzaze. Lifika pachifuwa, liima kaye. Pomafika pachibwano, kamphepo kochokera ku Shire kadutsa kale n'kutenga zake. Amalume amanunkhiza chala chopanda kanthu, kenako n'kuyetsemula mwaulemu chabe kuti ana asawaseke.

"Mphwanga," anandiuza tsiku lina, "mphepo ya mudzi uno ndaiphunzitsa fodya ndine. Ikadzayamba kutsokomola, mlandu udzakhala wanga."

Kumudzi sikusowa madokotala. Oyamba anati ndi kachasu, ngakhale amalume anasiya mowa ine ndili ku pulayimale. Ena anati ndi ukalamba basi. Achitatu, amene amalankhula motsitsa mawu, anakumbutsa anthu za mkangano wa malire a dimba umene unabuka madzi a namondwe Freddy ataphwa mu 2023. Apa ndiye pamene kuseka kumathera, chifukwa matendawa amaumitsanso nkhope. Munthu saseka, saphethira kawirikawiri, amangoyang'ana tong'o. Lero akukumvera chisoni kuti walodzedwa, mawa mwana akadwala malungo kunyumba yoyandikana nayo, wolodza uja wasanduka iwe. Lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma nalonso nthawi zambiri limakhala pachala.

N'chifukwa chake ndinawakweza galimoto. Nsanje, Tengani, Bangula, Ngabu, Nchalo, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda za Thabwa, mpaka Blantyre, makilomita pafupifupi 200. Dokotala amene tinamupeza sanawabaye jakisoni, sanawalowetse m'makina. Anangowauza kuti ayende mpaka pakhomo n'kubwerera. Anaona timapazi tifupitifupi tokhwekhwereza, ndi mkono umodzi wosagwedezeka poyenda. Anawauza kuti agundanitse zala mofulumira, kenako alembe dzina lawo, ndipo zilembo zinkacheperachepera ngati nyerere zikulowa kuuna. Atatero anati, "Bambo, awa ndi matenda a Parkinson."

Amalume anakhala chete, kenako anatembenukira kwa ine. "Parkinson ameneyu ngwa mudzi uti, nanga ine ndinamulakwira chiyani?"

Sanamulakwire kanthu. James Parkinson anali dokotala wa ku London amene mu 1817 analemba kabuku kofotokoza anthu 6 onjenjemera chonchi, ndipo atatu mwa iwo anangowaona mumsewu. Chimene chimachitika n'chakuti mkati mwenimweni mwa ubongo muli kagulu ka maselo opanga madzi otchedwa dopamine, amene ntchito yake ili ngati ya girisi patcheni cha njinga. Maselowo akayamba kufa pang'onopang'ono, njinga imakhalapo ndithu, mateyala ali bwino, wopalasa akufuna kupita, koma tcheni chauma. Pamene manjenje akuonekera kunja, ochuluka mwa maselowo amakhala atapita kale. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi matendawa padziko lonse. Amalume sizinawakhudze zimenezo. Chinawakhudza n'chakuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene iwo amanyadira kuti anamuona ndi maso ku Blantyre mu 1989, nayenso anadzadwala omwewa. Atabwerera kumudzi, aliyense wotchula kachasu ankamufunsa funso limodzi: "Nanga Papa ankagula kwa ndani?"

Tsono ine, monga mwana wa m'tauni wokhala ndi foni ya intaneti, ndinadzipatsa udindo wowatengera nkhani za kafukufuku. Ndikapita kwa Ndamera ndimanyamula shuga, sopo ndi sayansi.

Ndinawauza kuti ku Kyoto, m'dziko la Japan, akatswiri analengeza mu 2025 kuti anaika maselo atsopano opanga dopamine mu ubongo wa odwala 7, ndipo maselowo anagwira osabweretsa ngozi yaikulu. Amalume anafunsa ngati Kyoto ili kuseri kwa Bangula. Ndinawauza za opaleshoni imene yakhala ikuchitika kwa zaka zambiri, yolowetsa timawaya mu ubongo n'kukwirira kabatire pachifuwa, kuti magetsi ochepa aziletsa manjenje. Anafuna kudziwa ngati batireyo angamakatchajitse kwa mnyamata wometa pamsika, ndiponso ngati mtengo wake ungafanane ndi wa foni. Ndinawauza za Pulofesa Njideka Okubadejo wa ku Lagos ndi anzake, amene mu 2023 anapeza kusintha kwina m'chibadwa cha munthu, mu jini yotchedwa GBA1, kumene kumapezeka mwa anthu ochokera ku Africa ndipo kumawonjezera chiopsezo cha matendawa. Imeneyo ine ndimaiona kuti ndi nkhani yaikulu, chifukwa kwa nthawi yaitali kafukufuku wa zamtundu ankachitika pa azungu okhaokha, ngati kuti ife ubongo tinabwereka. Amalume anangoti, "Takhuta. Nanga mapiritsi wabweretsa?"

Nkhani imodzi yokha ndi imene inawadzutsa pampando. Ofufuza akhala akuona kwa zaka zambiri kuti anthu osuta fodya sadwala Parkinson kawirikawiri poyerekeza ndi osasuta. Amalume anaitana akazi awo kuti adzamve okha zimene azungu avomereza. Ndinachita kuwakhazika pansi. Madokotala a ku Germany ndi America anayesa kumata odwala timapepala ta nikotini pakhungu kwa chaka chathunthu, ndipo matenda sanabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Kupatula apo, fodya ali ndi njira zake zambiri zotengera munthu kumanda asanafike msinkhu wonjenjemera. Mayi aja anabwerera kumphika osanena kanthu, koma msana wawo unkaseka.

Mphuno nayo ili ndi nkhani yake. Ku Scotland kuli mayi wina, Joy Milne, amene anali namwino. Iye anamva kuti fungo la mwamuna wake lasintha zaka zambiri madokotala asanamupeze ndi Parkinson. Asayansi a ku Edinburgh anamuyesa pomununkhiritsa malaya 12, theka a odwala, theka a anthu abwinobwino. Analondola onse kupatula amodzi, amene iye anaumirira kuti mwini wake akudwala. Patapita miyezi, mwini malaya uja anapezekadi ndi matendawa. Lero ku Manchester akukonza njira yoyezera mafuta a pakhungu potsata mphuno ya mayiyo. Kuno kwathu munthu wonunkhiza matenda pamalaya a anzake sitikanamupititsa ku yunivesite, tikanamupititsa kwa amfumu.

Nditafotokoza kuti odwala ambiri amayamba kusamva fungo manjenje asanabwere, amalume anaulula chinthu chimene anabisa zaka zambiri. Fungo la nsomba yowamba, la mvula yoyamba, ngakhale la fodya amene, analeka kulimva kalekale. Ndiye kuti ngakhale uja wofika pamphuno, mwini wake sadziwika bwino. Akuluakulu a mwambi aja apa sanaganizepo.

"Nanga mumafwenkheranji, amalume?"

"Munthu wamkulu azingokhala manja ali lende?"

Fodya weniweni wa pamphuno pa matendawa ndi mapiritsi otchedwa levodopa, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960 ndipo mpaka lero palibe owaposa. Akalowa m'thupi, ubongo umawasandutsa dopamine. Sachiritsa, amangothira girisi kwa maola ochepa, n'chifukwa chake amamwedwa kangapo patsiku. Mwezi woyamba ndinaona ndi maso anga: ola lisanathe atamwa, amalume anadzuka okha pampando, anamanga mabatani a malaya, anatsina fodya n'kumufikitsa yense. Mphepo inagona ndi njala mwezi wonse. Kenako botolo linatha. Kumene anakafunsa anawauza kuti mankhwala otero safika kawirikawiri. Tsopano ndimagula ku famase m'tauni, pamtengo umene sindiutchula pamaso pa mkazi wanga, n'kupatsira kondakitala. Mvula ikadula msewu, kapena malipiro akachedwa, dzanja lija limabwerera paulendo wake wa minibasi.

Chimene chinandipweteka mtima, n'kundiseketsanso nthawi yomweyo, ndinachipeza usiku wina pafoni pomwepo. Levodopa yemweyo ali m'kalongonda. Inde, kalongonda amene timamukumbuka chaka cha njala, m'bale wake wa chitedze choyabwa chija. M'magawo 100 alionse a njere yake, pafupifupi 4 mpaka 6 ndi mankhwalawa. Ndipo tonse tikudziwa mmene amaphikidwira: kuwiritsa tsiku lonse, kukhuthula madzi, kuthira ena, kukhuthulanso, mpaka ululu utatha. Ululu umene amayi athu akhala akuutayira kuseri kwa nyumba ndi womwewo ine ndikuulipira ku famase.

Asayansi anazindikira kale. Ku London mu 2004 anayesa ufa wa kalongonda pa odwala 8 ndipo unagwira msanga kuposa mapiritsi. Dokotala Roberto Cilia wa ku Milan ndi anzake anauyesa ku Bolivia ndi ku Ghana, atakonza njira yosafuna fakitale: kukazinga njere, kuchotsa makoko, kupera, kusefa. Yunivesite ya Newcastle ikutsogolera ntchito ina yotchedwa TraPCAf m'mayiko 7 a mu Africa, Tanzania ndi Kenya ali momwemo, ndipo kalongonda ali pamndandanda wa zimene akufufuza. Mtondo tili nawo, chiwaya tili nacho, sefa tili nayo. Chimene tilibe ndi muyeso, komanso munthu wophunzira woti aziyang'anira wodwala.

Muyesowo si nkhani yamasewera. Mu 1989, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, nthawi ya chilala ndi nkhondo, anthu ambiri anasokonezeka mutu atadya kalongonda wosakhuthulidwa bwino, madzi atasowa. Mphamvu ya njere imasiyana munda ndi munda, ndipo ngakhale m'kafukufuku wa Cilia uja odwala ena anausiya ufawo chifukwa cha nseru ndi kusanza. Choncho amalume atayamba kufunsa kumene kuli chiwaya, ine ndi akazi awo tinagwirizana koyamba m'mbiri ya banja lathu: popanda dokotala, ayi. Anatiyang'ana ndi nkhope yawo youma ija, n'kunena kuti sanaonepo mankhwala omera kuseri kwa nkhokwe koma chilolezo chake chili ku Newcastle. Ndinalephera kuwayankha. Fodya ameneyu wadutsa pachifuwa, wafika pachibwano, ndipo tonse tikungoyang'ana kumene mphepo ikuchokera.

Ulendo wathawu ndinapeza zinthu zasintha pang'ono pansi pa nimu paja. Mapiritsi anali atatha masiku anayi m'mbuyomo, koma amalume sankaoneka odandaula. Matendawa awaweramitsa msana, ndipo iwo akuti zimenezo zafupikitsa ulendo, pakuti mphuno tsopano imakumana ndi chala panjira. Alembanso ntchito kamdzukulu kawo ka zaka 6, kamene malipiro ake ndi siwiti imodzi patsiku. Akangotulutsa kabotolo, kamathamangira kukhitchini, kutenga lichero, kunyowetsa chala ndi malovu kuti kadziwe kolowera mphepo, kenako n'kuima chilili katatchinga agogo ake.

Dzanja linanyamuka. Linaima pachifuwa monga mwa nthawi zonse. Kamwana kanasuntha lichero pang'ono, lilime lili panja. Linadutsa chibwano. Kenako amalume anayetsemula, kuyetsemula kwenikweni, moti nkhuku zonse zinabalalika ndipo akazi awo anatuluka m'nyumba ndi mthiko m'manja kudzaona chimene chagwa.