Wofunsa buku anadyanso phula

Chichokereni namondwe Freddy amene anasesa chigwa cha Shire mu Malichi 2023, mwambi uja woti safunsa anadya phula wayamba kundikayikitsa. Makolo anauyambitsa nthawi imene wofunsidwayo anali munthu wa pakamwa, amene ukamufunsa njira amayamba wakuyang'ana kumapazi kuti aone ngati nsapato zakozo zingalimbane ndi matope. Mlendo wa masiku ano amafunsa ndithu, koma amafunsa buku, lija lotsogolera alendo okaona malo, ndipo phulalo amalidya atafunsa kale, chala chili pa tsamba.

Bukulo tiliyesere pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Kamaloka kali ndi mbiri yoti ngakhale Blantyre angachite nayo nsanje. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo chapomwepa mu Januwale 1862. Mu 1884 mzungu wina wamalonda, George Fenwick, anawombera Chipatula, mfumu ya Amakololo, iyenso n'kuphedwa. Mu 1889 asilikali a Serpa Pinto analimbana ndi Amakololo m'dera lomweli, mkangano umene unathera poti Ruo akhale malire a Angelezi ndi Apwitikizi. Panabwera doko la sitima za pamadzi, ofesi ya kasitomu, kenaka njanji imene inakafika ku Blantyre mu 1908. Zonsezi buku limazidziwa bwino, pakuti akufa sasamuka. Povuta ndi pa amoyo. Buku lolembedwa chisanafike chaka cha 1997 likhoza kukulangizani mwaulemu kuti mukwere sitima ku Limbe, muwoloke mlatho wa Chiromo, mukatsikire pa Bangula. Silikunama ayi, tsiku limene ankalilemba zinalidi choncho. Koma chaka chimenecho madzi anakokolola njanji pakati pa mlathowo ndi Bangula, ndipo kuyambira pamenepo anthu amawoloka pa bwato, pamalo amene eni dera anawatcha Mtayamoyo. Dzina lokhalo likuposa masamba khumi a malangizo. Mlathowo ulipobe, uli njo, ukudikira sitima imene buku likulonjeza.

N'chifukwa chake posankha buku musakopeke ndi njovu ya pachikuto. David Livingstone anaona njovu mazanamazana m'dambo la kumtunda kwa Chiromo mu 1859, dambolo mpaka lero limatchedwa Elephant Marsh, koma amene atsalamo ndi mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi. Tsegulani tsamba lija la tizilembo ting'onoting'ono limene palibe amaliwerenga, muone chaka. Muchenjerenso, chifukwa kusindikizanso buku si kulilembanso: alipo mabuku amene amangosintha malaya, thupi lili lomwe lija. Mukatero funafunani mawu oti Mtayamoyo kapena Makhanga, dera loyandikana ndi Chiromo. Wolemba amene anafikadi kumeneko, thukuta la Okutobala likumutsikira m'khosi, sangaiwale kutchula bwato. Amene anangokopera kwa mnzake amalemba za mlatho.

Wina anena kuti zonsezi n'zachikale, foni ilipo, mapu a pa intaneti amakonzedwa tsiku ndi tsiku. N'zoona kuti foni ndi yatsopano, koma zimene zili m'katimo nthawi zambiri n'zakale zomwe zija, zangodzola mafuta. Kamzere ka njanji kamaoneka bwinobwino pa galasi, kosaduka paliponse, ngati kuti madzi osefukira a mu Januwale 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy anangodutsa m'maloto. Ndiponso buku limaulula msinkhu wake, pamene foni imabisa. Nkhalamba yovomera kuti ndi nkhalamba ndi yabwino kuposa yodaya imvi.

Wina, wotopa nazo, ati ndiye bukulo litayidwe, tizingofunsa akabaza a pa Bangula. Apa ndiye ndikana, ndipo nthabwala ndiziika kaye pambali. Wopalasa bwato amadziwa pamene madzi afika lero, pamene mchenga wasunthira, ndi gombe limene ng'ona yaonekako sabata ino. Koma madzi omwewo akhala akukwirira m'matope zipupa ndi manda a Chiromo wakale, ndipo mabanja amene ankasunga nkhani za malowa akhala akuuzidwa kuti asamukire kumtunda. Mudzi ukabalalika, nkhani zake zimabalalika nawo. Tsiku likubwera limene mwana wobadwira ku Makhanga adzamva za Chipatula kuchokera m'buku lomwe tikulisekali, ndipo sindikuona chosekesa pamenepo.

Buku loyenera ndalama zanu, tsono, ndi lija lodziwa polekera: lolankhula molimba mtima za 1862, koma likafika pa za kuwoloka n'kukutumani kwa anthu. Mlendo wolinyamula amatsika minibasi pa Bangula, amakwera kabaza mpaka pagombe, amapereka moni kaye, n'kufunsa kuti, “Achimwene, lero kukuwolokeka?” Wopalasayo amayang'ana mtsinje, amayang'ana mitambo ya ku Thyolo, amatchula mtengo. Mlendo akakhala pansi m'bwatomo, buku lili pamiyendo, amamva mawu kumbuyo: “Bambo, bukulo mulikweze m'mwamba, bwatoli limalowa madzi.”